Musawerenge zaka za motoka, yesani mabuleki ake

Mu Chipata muno mwakula chizolowezi choseka motoka yakale. Kamotoka kakang'ono ka m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980 kakangoima ku Down Shops kapena pafupi ndi msika wa Kapata, anyamata amayamba kale kukapatsa mayina: sikirapu, sikorokoro, bokosi la maliro. Ena amafunsa mwini wake ngati ogula zitsulo zakutha sanamupezebe. Ngozi ikachitika pa msewu wa Great East, pa mapulogalamu a pawailesi oimbira foni sipalephera kupezeka munthu wonena kuti boma lichotse mamotoka onse akale pamsewu, ati ndiwo akutha anthu. Ife amene timasunga ndi kuyendetsa timamotoka totere tamva mawu amenewa kwa nthawi yaitali, ndipo tikuwakana. Chaka chimene motoka inatuluka m'fakitale sichingakuuzeni ngati iima mukaponda buleki. Zimenezo mumazidziwa poona mmene mwini wake waisamalirira ndi mmene akuiyendetsera.

Timamotoka timene tikunena mumatidziwa bwino. Ndi Datsun 120Y, kaveni ka Datsun 1200 ndi mng'ono wake Nissan 1400, Corolla KE70, Toyota Starlet, Volkswagen Beetle, ndi Fiat 127 kwa amene akadali nako. Oseka aja ambiri sadziwa kuti Fiat 127 inkalumikizidwa m'dziko lathu lomwe lino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma linagwirizana ndi kampani ya Fiat n'kutsegula fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, ndipo manja a anthu a ku Zambia ndiwo ankamanga mamotokawo. Anthu a ku South Africa nawo sanafulumire kutaya zakale. Nissan 1400 anapitiriza kuipanga mpaka 2008, ndipo Citi Golf, imene thupi lake ndi la Golf yoyamba ya m'ma 1970, anaipanga kuyambira 1984 mpaka 2009. Ku Mexico, Beetle yomaliza inatuluka mu 2003. Makampani aakulu chotere sakanalimbikira kupanga chinthu chopanda pake kwa zaka makumimakumi. Anthu ankachigula chifukwa chinali cholimba, chosavuta kukonza, ndiponso cha mtengo wofikirika.

Tsopano tiyeni tione motoka imene otiseka amaitcha yatsopano. Mamotoka ochuluka amene akudzaza misewu ya Chipata lero, kaya ndi Vitz, Allion, Spacio kapena Runx, anafika kuno atagwira kale ntchito zaka zambiri ku Japan. Kumeneko kuli lamulo loyesa mamotoka lotchedwa shaken. Motoka yatsopano imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako pakapita zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndalama zake n'zambiri moti eni ake ena amaona kuti kuli bwino kuigulitsa. Imeneyo ndiyo imakwera sitima yapamadzi, n'kutsikira ku Dar es Salaam kapena ku Durban, n'kulowa m'dziko muno. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, linalengeza mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja mamotoka ang'onoang'ono ogwiritsidwa kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndiye anatenga gawo lalikulu kuposa onse. Ndiye kuti tonse mumzinda uno tikuyenda pa salaula. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anasankha pa belo lotsegulidwa dzulo, wina wasamala chovala chimene anasankha bambo ake.

Sitikudana ndi mamotoka a ku Japan a masiku ano. Ambiri ndi abwino, amamwa petulo pang'ono ndipo amayenda mosalala. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri ali ndi giyabokosi ya CVT imene imafuna mafuta akeake, ndipo mukathiramo a giyabokosi wamba imawonongeka. Injini yake imalamulidwa ndi kompyuta ndi masensa, moti kanyali kakayaka pa dashibodi pamafunika makina owerengera vutolo. Chitsulo chimene chafa nthawi zambiri sichikonzeka. Muyenera kuitanitsa china ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570 kuchokera pano, kapena kunja kwenikweni, motoka ili pa miyala kudikira. Zungulirani m'mayadi a ku Kalongwezi, ku Moth ndi ku Magazine, muwerenge mamotoka onyezimira amene udzu wamera pansi pake. Ubwino wa motoka kwa munthu wa Kum'mawa uyenera kuyesedwa ndi funso ili: ikafera pakati pa Chipata ndi Vubwi, kapena kutsogolo kwa Chadiza dzuwa likulowa, ndani angaidzutse, ndipo ndi zida zanji?

Kamotoka kakale kali ndi yankho. Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mafuta, mpweya ndi moto wa mapulagi. Pa Datsun kapena Corolla yakale zonsezi mumaziona ndi maso mukatsegula boneti. Mukachotsa paipi pa kabureta mumaona ngati petulo akufika. Mukayandikiza waya wa pulagi ku chitsulo cha injini mumaona ngati moto ukudumpha. Ngati palibe, mumatsegula distributor n'kuyang'ana mapointi, kuwapala pang'ono ndi kuseta mpata wake, umene uli pafupifupi theka la milimita. Injini za Nissan za A12 ndi A14, komanso 3K ndi 4K za Toyota, zimayendera tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, ndipo tcheni amachenjeza ndi phokoso asanathe. Beetle ilibe n'komwe redieta chifukwa imazizidwa ndi mpweya. Masipanala ochepa, sikuludiraiva, pulayasi, mapointi ena osungira, lamba wa fani ndi mafyuzi, zonsezi zimakwana m'kachikwama kamodzi. Munthu wodziwa motoka yake amafika kunyumba tsiku lomwelo.

Pali mfundo imodzi imene otsutsa ali nayo, ndipo tiinene poyera. Mamotoka awiri akagundana, wokhala m'motoka ya masiku ano ali ndi mwayi waukulu wopulumuka. Ili ndi ma airbag, mabuleki a ABS, ndi thupi lopangidwa kuti kutsogolo kupindike n'kulandira mphamvu ya kugundako. Kamotoka ka 1978 kalibe zimenezi, ndipo amene amati chitsulo chakale n'cholimba kotero sichiopa ngozi akudzinamiza. Chitsulo chikapanda kupindika, mphamvu yonse imakathera m'thupi la munthu. N'chifukwa chake woyendetsa kamotoka kakale ali ndi udindo woposa anzake. Ayenera kumanga lamba, kusiya mpata waukulu kumbuyo kwa lole, kupewa ulendo wautali usiku, ndi kulola othamanga kuti adutse. Makilomita 80 pa ola amamufikitsa ku Katete bwinobwino, nsima isanazizire.

Koma kupulumuka pa ngozi ndi nkhani ina, kuyambitsa ngozi ndi nkhani inanso. Aliyense amene amayenda msewu wa Great East amadziwa zimene zimabweretsa maliro: liwiro, mowa, kupitirira motoka ina pa kona kapena pa chitunda, kugona pa chiwongolero, foni m'manja, matayala akutha, katundu wopyola muyeso. Kuchokera pamene msewu wochokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami unakonzedwanso n'kusalala, phazi la madalaivala ambiri linalemera. Ndani amathamanga makilomita 140 pa ola podutsa Sinda kapena Mtenguleni, pamene ana asukulu, njinga ndi mbuzi zili m'mbali mwa msewu?  Palibe chimodzi mwa zoipa zimenezi chimene chimayamba chafunsa chaka cha motoka. Dalaivala woledzera m'motoka ya chaka chatha ndi woopsa kuposa agogo oyenda pang'onopang'ono m'ka Starlet kokhala ndi mabuleki ogwira.

Tatero, titembenukire kwa anzathu ena okhala ndi mamotoka akale, amene akutidetsera mbiri tonse. Wakutsina khutu ndi mnansi. Sikorokoro yeniyeni iliko, koma siibadwa m'fakitale. Imapangidwa ndi mwini wake, tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri ntchitoyo imayambira pa redieta. Munthu amatunga madzi a pa mjigo kapena a m'dambo n'kuthira, mawa athiranso, chaka chonse. Madzi otere amasiya miyala ndi dzimbiri m'timapaipi ta redieta mpaka titatsekeka. Kulanti sanamupangire mayiko a chisanu okha ayi: amateteza chitsulo ku dzimbiri ndipo amachedwetsa kuwira. Chivundikiro cha redieta nachonso si chokongoletsa. Chimasunga mphamvu m'kati kuti madzi asawire msanga, ndipo Chipata ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene madzi amawira asanafike madigiri 100. Wotseka redieta ndi chisanza kapena chitsononkho, n'kutsikira ku Mfuwe mu Okutobala, asadzanamizire ukalamba wa injini gasiketi ikapsa.

Palinso nthano yotchuka yakuti themositati ndi ya ku Ulaya, kuno kotentha iyenera kuchotsedwa. Nthano imeneyi yapha injini zambiri mwakachetechete. Ntchito ya themositati ndi kutseka madzi kuti injini ifunde msanga, kenako n'kuwatsegulira kuti isapyole muyeso. Mukaichotsa, injini imayenda yozizira, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi pamene Chipata amazizira mpaka m'mafupa. Injini yozizira imamwa petulo wambiri, ndipo petulo wosapsa bwino amatsuka oilo m'makoma a masilinda, malingi n'kumadyeka. Motoka ikamawira, vuto limakhala pena: redieta yatsekeka, lamba wa fani wakhwepa, pampu ya madzi yatha, taimingi yasokonekera, kapena themositatiyo yafa ndipo ikufunika ina. Kuichotsa n'kusiya pabowo kuli ngati kudula lilime la mwana kuti aleke kulira njala.

Mdani wina ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, misewu ya ku Nabvutika, ku Mchini ndi yopita kumidzi imakhala ufa wokhawokha. Sefa ya mpweya, imene amakanika amaitcha eya kilina, ndiyo imaletsa fumbilo kulowa mu injini. Koma mupeza wina waichotsa, ati motoka ipume bwino. Fumbi likasakanikirana ndi oilo limasanduka sandipepala, ndipo pakangopita miyezi motoka imayamba kufuka utsi wabuluu. Oilo nayenso ali ndi nthawi yake. Pa injini zakale zoyenda m'fumbi, makilomita 5,000 ndi malire abwino osinthira oilo ndi sefa yake. Beetle imafuna kusamala koposa chifukwa ilibe sefa yeniyeni ya oilo, ili ndi kaukonde chabe, ndiponso matapeti ake amafuna kusetedwa pafupipafupi. Oilo wa m'mabotolo a zakumwa, wosadziwika kumene wachokera, ndi wotchipa pa tsiku logula lokha. Kuwonjezera oilo watsopano pamwamba pa phala lakuda si sevisi.

Nkhani ya petulo ndiyo imabweretsa zizolowezi zoopsa kwambiri. Mu 2022 bungwe la ERB linayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense akuyang'ana njira yopulumutsira kadontho. Ena amayenda ndi thanki youma nthawi zonse, moti pampu imakoka zinyalala za pansi n'kutseka majeti a kabureta. Ena achotsa thanki n'kuika chigubu pafupi ndi mapazi a wokwera, bomba lenileni. Ena akafika potsetsereka amachotsa giya, mwinanso kuzimitsa injini. Uku n'kuseweretsa miyoyo ya anthu. Motoka ikatsika phiri ili mu giya, injini imathandiza kuigwira. Ikakhala yopanda giya, katundu yense amagwera mabuleki, amene amatentha mpaka kuleka kugwira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi m'kupita kwa nthawi, ndipo akatentha chinyezicho chimawira, pedulo n'kulowa pansi ngati mwaponda chinkhupule. N'chifukwa chake amayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Amene anadutsapo m'mapiri a Manenekera popita ku Lusaka akudziwa kuti pamenepo si pophunzirira zimenezi.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa, ndipo apa pokha tikuvomera kuti zaka ziwerengedwe. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsatira ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Labala imauma ndi kung'aluka ngakhale mapanga ake akuoneka akuya, ndipo tayala la salaula lopakidwa polishi likhoza kuphulika pa phula lotentha la masana. Chimodzimodzi mafyuzi. Fyuzi inapangidwa kuti ife m'malo mwa mawaya. Ikapsa ikukuuzani kuti pena pali shoti. Wolumikiza pamenepo ndi waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya wachotsa mlonda pakhomo, ndipo tsiku lina adzaimirira m'mbali mwa msewu akuthira mchenga pa motoka yoyaka. Anthu odutsa adzati mamotoka akale amapsa okha.

Nanga katundu? Kamotoka kopangidwira anthu asanu kamanyamula asanu ndi anayi kupita ku Mwami, awiri pampando wakutsogolo, wina atagawana mpando ndi dalaivala amene akusintha giya pakati pa miyendo ya mnzake. Kaveni ka Nissan 1400 kanapangidwira katundu wa pafupifupi theka la tani, kutanthauza matumba khumi kapena khumi ndi awiri a makilogalamu 50. Nthawi yokolola mumakaona katasenza matumba makumi awiri a chimanga, pamwamba pakhala anthu, mphuno yaloza kumwamba. Masipuling'i amathyoka, mabering'i amapsa, kilachi imanunkha, chiwongolero chimapepuka chifukwa matayala akutsogolo sakugwira pansi mokwanira, ndipo mtunda woimira umatalika. Bulu amene mwamusenzetsa katundu wa ng'ombe ziwiri akagwa, mlandu si wa msinkhu wake. Tikudziwa kuti maulendo awiri amadya petulo wa maulendo awiri. Koma mtengo wa difu yatsopano, kapena wa bokosi la maliro, umaposa pamenepo kutalitali.

Ogulitsa masipeya nawonso ali ndi gawo lawo pa mlanduwu. M'mashopu ambiri mumapezeka mapulagi, mabering'i, masefa ndi mapadi a mabuleki okhala m'mabokosi olembedwa mayina otchuka, koma m'kati muli zinthu zachinyengo. Kondensa yabodza imapsereza mapointi pa sabata imodzi. Bolojointi yabodza imazuka motoka ili pa liwiro. Mwini motoka amagula chinthu chomwecho katatu pa chaka, n'kumaliza ndi mawu akuti motoka yakale ndi dzenje la ndalama. Wogulitsa woona mtima amayala mitundu iwiri pa kauntala n'kunena kuti ichi n'chotchipa koma sichikhalitsa, ichi n'chodula koma mudzaiwala. Oterewa alipo mu Chipata, ndipo timauzana za iwo. Pa ziwalo zimene moyo wa munthu wapachikidwapo, monga mabuleki, chiwongolero ndi matayala, palibe kunenerera mtengo. Ngati ndalama sizinakwane, motoka igone pakhomo mpaka zitakwana. Njinga mu Chipata sizisowa.

Chuma chachikulu chimene tingataye tikamanyoza mamotoka akale ndi anthu amene amawadziwa. M'zaka za m'ma 1980, pamene ndalama zakunja zinali zosowa ndipo masipeya sankapezeka m'mashopu, amakanika a dziko lino anaphunzira kupanga zimene sakanatha kugula. Ankadula gasiketi pa pepala lolimba pogogoda ndi kahamala, ankasema mabushi pa tayala lakutha, ankakulunganso mawaya a sitata ndi alternator, ankawotcherera redieta ndi mtovu. Ena mwa akuluakulu amenewo akadali pansi pa mitengo ya mango ndi m'timagalaja ta m'makomboni. Amatha kumvetsera injini n'kukuuzani silinda imene ikudumpha. Luso lawo si la mamotoka okha. Ndi lomwelo limadzutsa chigayo, pampu yothirira dimba, jenereta ndi thirakitala yakale kumudzi. Koma tawaonani mmene amawachitira. Munthu amalipira mosanyinyirika kuti makina awerenge kompyuta ya motoka kwa mphindi zisanu, koma mdala amene wagona pansi pa motoka tsiku lathunthu amauzidwa kuti tidzakuonani kumapeto kwa mwezi. Mnyamata wanzeru akaona zimenezi safuna kuphunzira ntchitoyo, ndipo mdala akamwalira luso limapita naye kumanda.

Tikambeko za ndalama, popeza oseka amaganiza kuti wokhala ndi motoka yakale ndi wolephera. Kamotoka kathu kalibe ngongole. Sikadya malipiro a mwezi asanafike m'manja, ndipo sikasintha mtengo dola ikakwera usiku. Ndalama zimene timawononga pokakonza zimathera kwa makanika wa ku Kapata, wowotcherera wa ku Mchini, wosoka mipando ndi wogulitsa masipeya, anthu amene amagula ndiwo pa Saturday Market ndi kulipirira ana sukulu momwe muno. Ndalama zogulira motoka ina kunja zimachoka m'dziko zonse nthawi imodzi. Ndipo boma silitichotsera kalikonse chifukwa cha ukalamba. Timalipira msonkho wa msewu, inshuwalansi, msonkho wa utsi ndi fitinesi monga wina aliyense. Pa tolo geti ya Reuben Chitandika Kamanga, pakati pa Chipata ndi Katete, Datsun imalipira chimodzimodzi ndi kamotoka kofika dzulo. Amene walipira zonse ndipo motoka yake yapambana mayeso ali ndi ufulu wonse pa msewu umenewo.

Ena amabweretsa nkhani ya utsi, ndipo n'zoona kuti injini ya kabureta imatulutsa mpweya woipa wochuluka kuposa injini ya masiku ano yokhala bwino. Koma kabureta yosetedwa bwino, mapulagi oyera ndi taimingi yolondola zimachepetsa kwambiri utsiwo, pamene mamotoka ena atsopanowa anawachotsa kale kasefa ka mu ekizozi, catalytic converter, n'kukagulitsa. Kupanga motoka ina kumafunanso chitsulo, kopa, labala ndi magetsi ambiri, ndiponso ulendo wa panyanja. Amatiuzanso kuti Kenya salola mamotoka opyola zaka zisanu ndi zitatu. Lamulo limenelo ndi la mamotoka olowa m'dziko, silithamangitsa amene ali kale pamsewu. Ku Britain motoka ikakwanitsa zaka 40 imalembedwa ngati ya mbiri yakale, ndipo mwini wake amamasulidwa ku msonkho wa msewu. Ku Cuba mamotoka a ku America a m'ma 1950 akugwirabe ntchito ya takisi, ndipo alendo amalipira kuti akwereko. Kwathu kuno ndiko tikufuna kudula Fiat yomangidwa ku Livingstone ndi gasi, n'kuigulitsa pa sikelo ngati mapoto obooka.

Funsaninso kuti mamotoka akale akachotsedwa, wovutika ndani. Si bwana wa mu ofesi, amene kampani imamugulira ina. Ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene anagula kamotoka ndi penshoni yake ndipo sadzagulanso kena. Ndi mlimi wa ku Chiparamba kapena ku Kalichero amene kaveni kake kamabweretsa tomato ndi mtedza ku tauni, n'kubwerera ndi feteleza. Kuchokera pamene kampani ya mabasi a boma ya UBZ inatha m'zaka za m'ma 1990, midzi yambiri yakutali ndi phula imadalira motoka ya munthu mmodzi wa m'deralo. Mayi akayamba kumva zowawa za uchembere pakati pa usiku, kamotoka komweko ndiko kamamufikitsa ku chipatala cha Mwami, cha St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central. Ndiko kamanyamula maliro, kamaperekeza mkwatibwi, kamatenga agogo kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Pa ola limenelo palibe amene amafunsa chaka chake. Amangofunsa ngati kalira.

Zimene tikupempha n'zomveka. Kwa a RTSA ndi apolisi a pamsewu: yesani motoka iliyonse ndi muyeso umodzi, ndipo muyesowo ukhale wolimba. Onani mabuleki, chiwongolero, matayala, nyali, malamba ndi utsi. Yolephera ichoke pamsewu mpaka itakonzedwa, kaya ndi ya 1975 kaya ya 2015. Ife mayeso otere sitiwaopa, timawafuna, chifukwa ndiwo amasiyanitsa motoka yakale ndi sikorokoro. Kwa a TEVETA ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Chipata Trades: phunzitsani ana kompyuta ya motoka, pakuti ndiko dziko likupita, koma kabureta ndi mapointi zikhalebe pa benchi, ndipo itanani amakanika akale adzaonetse ana zimene mabuku sanalembe. Kwa eni mamotoka akale: gulani kabuku, muzilemba tsiku ndi makilomita a sevisi iliyonse. M'mawa uliwonse, injini isanalire, onani oilo, madzi, mafuta a mabuleki ndi mpweya wa m'matayala. Zimatenga mphindi zisanu. Kaphokoso kachilendo kakayamba pitani nako kwa makanika sabata yomweyo, chifukwa zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo makanikayo mulipireni pa tsiku lake.

Kwa otiseka, mwambi wanu timaudziwa: tsabola wakale sawawa. Koma motoka si tsabola. Ndi chida, ngati khasu, makina osokera kapena njinga ya Eagle imene inkapangidwa mu Chipata momwe muno ku Luangwa Industries, ndipo chida chimakhala ndi moyo malinga ndi dzanja lochisunga. Motoka yanu yonyezimirayo nayonso ikukalamba, ndipo zaka khumi zikubwerazi idzafuna zinthu zomwezi: mwini woleza mtima, sipeya yeniyeni ndi makanika wodziwa ntchito. Mukathamangitsa amakanika amenewa lero ndi chipongwe ndi ngongole zosabweza, simudzawapeza mawa. Choncho mukaona ka Datsun kakukwera chitunda pang'onopang'ono kutsogolo kwanu, musakaombere hutala ngati kakulakwirani. Dikirani pamalo poonekera bwino, mudutse mwaulemu. Mukafika kunyumba tsegulani boneti ya yanuyo, muone kuti mafuta a mabuleki munawasintha liti.